Kodi Madzi Otayika Angaoleke? Kupenda Buku la Kate Atkinson, Life After Life

Mabuku a nthano zopeka onena za Nkhondo Yaikulu Yachiwiri ndi ochuluka kotero kuti palibe munthu angawawerenge onse, ndipo ambiri a iwo amayenda njira imodzi: mwininkhani alowa m'zoopsa, anzake agwa mmodzimmodzi, iye yekha napulumuka kuti adzatisimbire. Mlembi wa ku England, mayi Kate Atkinson, adakana njira imeneyi m'buku lake lotchedwa Life After Life, ndiko kuti moyo pambuyo pa moyo, limene lidatuluka m'chaka cha 2013 ndi kulandira mphotho ya Costa. Mwininkhani wake sapulumuka ai. Amafa, nabadwanso tsiku lomwelo, m'nyumba yomweyo, kwa mayi yemweyo, ndipo amafanso mwa njira ina. Ndifuna kupenda buku limeneli pa funso limodzi lokha: munthu akapatsidwa mwayi wachiwiri, wachitatu, mpaka wosawerengeka, kodi imfa yake itsala ndi kulemera kotani, ndipo kodi nthano yotere ingathe kunena zoona za nkhondo imene anthu ake adafa kamodzi kokha?

Tiyambe taona m'mene nkhani idamangidwira. Ursula Todd akubadwa usiku wa pa 11 February 1910 ku Fox Corner, nyumba ya banja lopeza bwino la kumidzi ya kufupi ndi Beaconsfield. Kunja chipale chatseka miseu, dokotala walephera kufika, mzamba nayenso watsekerezedwa panjira, ndipo mwana atuluka chingwe cha mchombo chitamkulunga pakhosi. Amwalira asanalire nkomwe. Pa tsamba lotsatira tibwerera ku usiku womwewo. Ulendo uno dokotala Fellowes wafika pa nthawi yake ndi sizasi yake, ndipo mwana akhala moyo. Ali ndi zaka 4 amira m'nyanja ku Cornwall. Abadwanso, ndipo bambo wina amene ankajambula chithunzi pagombe amvuula. Kenaka agwa kuchokera padenga potsata chidole chimene mlongo wake Maurice adaponya pa zenera. Zipita motero, imfa ndi chipale kulandizana, mpaka wowerenga azolowera kuti mutu uliwonse ungathe kuduka paliponse.

Ursula sakumbukira miyoyo yake yakale monga munthu akumbukira za dzulo. Chimene chimamtsalira ndi mantha opanda gwero lodziwika, mtima kugunda akafika pa malo ena, ndi liuma lakuti achitepo kanthu ngakhale sakudziwa chifukwa chake. Luso la mlembi pa zimenezi lioneka bwino m'chigawo cha November 1918. Nkhondo Yaikulu Yoyamba yatha, ndipo Bridget, mtsikana wantchito wochokera ku Ireland, apita ku London ndi bwenzi lake Clarence kukasangalala pamodzi ndi khamu la anthu. Pobwera atenga fuluwenza, mliri uja udapulula anthu mamiliyoni pa dziko lonse nufikanso kuno kwathu chakumapeto kwa chaka chomwecho. Ursula, wa zaka 8, afa nao mliriwo. Pa moyo wina ayesa kuti Bridget atsekeredwe kunja, koma matenda alowabe. Pa wina apeka bodza lodanitsa Bridget ndi Clarence. Pa winanso amkankha pa makwerero, koma mtsikanayo angobinya mwendo napitabe ku London. Potsiriza amkankha mwamphamvu mpaka kumthyola mkono, ndipo banja lipulumuka.

Owerenga amaseka pamenepa, ndipo mlembi adafunadi kuti aseke, pakuti kamwana kakuyeserera kuthawa imfa monga mwana wa sukulu abwerezera samu imene yamkanika. Komatu taonani amene walipira: ndi wantchito. Ndipo Clarence, amene adabwera ku nkhondo nkhope itaonongeka kotero kuti amavala chophimba chachitsulo, apitabe ku London nafa ndi mliri womwewo. Palibe adamkankha pa makwerero kuti naye atsale. Mwayi wobwereza udapatsidwa kwa mwana mmodzi wa banja la mkulu wa ku banki, ndipo ena onse amafa kapena kukhala moyo malinga ndi m'mene iye wapondera.

Pali chigawo china chimene chimandisautsa koposa. Tsiku lokwanitsa zaka 16, Ursula apsompsonedwa mokakamiza ndi Howie, mnyamata wa ku America, mnzake wa Maurice. Pa moyo umene Ursula angoti kakasi, Howie adzamgwirira miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo kuchokera pamenepo pabwera mimba, kutaya mimbayo mobisa ku London, kunyansidwa ndi mayi ake omubala, mowa, ndi ukwati ndi mphunzitsi wankhanza Derek Oliphant, amene potsiriza ammenya mpaka kumupha. Pa moyo umene Ursula abwezera Howie chibakera, zonsezi palibe. Mlembi adafuna kusonyeza m'mene kanthu kakang'ono kamapatutsira moyo wonse, koma mamangidwe a buku akunong'oneza chinthu china chimene iye sakadavomera kuchinena poyera, chakuti mtsikana akadalimba mtima sakadaona zimene adaona.

Nanga tsono mphamvu imene ikuyendetsa moyo wa Ursula tiitche chiyani? Aroma akale ankati fatum, ndiko kuti chonenedwa kale, mau amene adatuluka ndipo sangabwezedwe. M'chinenero chathu tilibe liu limodzi lolingana nalo. Tili ndi tsoka ndi mwayi, ndipo pa maliro timamva anthu akuti linali tsiku lake, kapena kuti zidalembedwa. Koma Ursula alibe tsiku lake, ali ndi masiku ambirimbiri, ndipo zolembedwa za iye zimafufutika. Kumayambiriro kwa buku mlembi adaikako ganizo la Friedrich Nietzsche la m'chaka cha 1882, lakuti munthu ayerekeze kuti moyo wake udzabwerezedwa kosatha. Ndiponso Dr Kellet, dokotala wa za maganizo amene makolo adamtumizako Ursula atathyola mkono wa Bridget, amamphunzitsa za amor fati, kukonda gawo limene wapatsidwa, ndi za chiphunzitso cha otsatira Buddha chonena za kubadwanso. Zonse ziwiri sizilingana ndi zimene tikuwerenga. Kwa Nietzsche moyo umabwerera wosasintha ngakhale pang'ono, ndipo m'menemo ndimo muli kuopsa kwake. Kwa otsatira Buddha munthu amabadwanso m'thupi lina ndi m'nthawi ina, atasenza zipatso za ntchito zake. Ursula amabwerera pa malo omwewo kudzakonza zimene zidalakwika. Amene amachita zotere pa dziko lino ndi mlembi wa mabuku yekha, pamene akhwatcha tsamba limene silidamkomere nayambanso. Augustine Woyera wa ku Hippo, m'buku lake la Mzinda wa Mulungu limene adayamba kulemba Roma atafunkhidwa m'chaka cha 410, adatsutsa anthu anzeru amene ankaphunzitsa kuti nthawi imazungulira ngati gudumu, pakuti adaona kuti m'chiphunzitso chotere mulibe chimwemwe chokhalitsa: womasulidwa lero abwereranso m'masautso omwewo mawa. Buku la Atkinson likumchitira umboni. Palibe moyo wa Ursula, ngakhale uja adakalamba nao mpaka kupuma pa ntchito mu 1967, umene uloledwa kukhala wotsiriza.

Pamene bukuli lili ndi mphamvu zenizeni ndi m'mitu yonena za mabomba a pa London. Kuyambira pa 7 September 1940 mpaka May 1941 ndege za Germany zidaphulitsa mizinda ya Britain, ndipo anthu wamba oposa 40,000 adafa, pafupifupi theka la iwo mu London momwemo. Atkinson sadayese kutionetsa zikwi zonsezo. Adasankha nyumba imodzi ya mu mseu wa Argyll Road, usiku umodzi wa November 1940, ndi chipinda chapansi pa nyumbayo m'mene anthu ochita lendi amabisala pamodzi ndi banja la a Miller. M'chipinda chimenechi timalowamo kangapo. Poyamba tili ndi Ursula wokhala m'nyumbamo, tiwadziwa anthuwo maina ao ndi timakhalidwe tao, tidziwa mayi Appleyard ndi khanda lake Emil losaleka kulira, ndipo bomba likagwa tigona naye Ursula m'zigumukire pamene moyo ukumthera pang'onopang'ono. Pambuyo pake, pa moyo wina, Ursula sakhala m'nyumbamo. Ali m'gulu la anthu ofukula anzao m'nyumba zogumuka, lotsogozedwa ndi Miss Woolf, namwino wamkulu wopuma pa ntchito. Usiku womwewo gulu lake lipezeka ku Argyll Road. Iye akukwawa mu mdima pakati pa mitembo ya anthu achilendo kwa iye, koma ife tikuwadziwa onse, ndipo pamene azindikira kuti chinthu chofewa chimene wagwadapo ndi mtembo wa khanda, ife tidalimva kale khandalo likulira kuseri kwa khoma m'miyoyo ina.

Apa kubwereza kwaleka kukhala masewera. Nthano ya masiku onse ikadatipatsa mbali imodzi, ya wophedwa kapena ya wofukula. Buku lino latipatsa mbali zonse ziwiri mwa munthu mmodzi, ndipo latisonyeza kuti chosiyanitsa awiriwa chidali nyumba imene munthu adachitamo lendi. Tsoka silinunkha, ndipo mu London wa 1940 lidalibe nkomwe ulemu kwa ochenjera. Tionenso kuti pa moyo umenewu Ursula sakonza kanthu. Bomba ligwa monga kale, obisala afa monga kale. Chimene iye achita ndi kukhalapo: kugwira dzanja la wotsirizika, kutola ziwalo, kubwerera m'mawa ali fumbi lokhalokha, kusamba ndi kupita ku ntchito yake ya boma. Miss Woolf amaumirira kuti anthu amenewa adzayenera kukumbukiridwa nkhondo ikadzatha. Koma Ursula ndi munthu woiwala, ndipo ntchito yokumbukirayo igwera wowerenga, amene yekha wasunga imfa zonse. Mlembi akadalemba mitu yokhayi, popanda zina, bwenzi tikunena kuti wapeza njira yatsopano yolirira akufa a pa nkhondo.

Pali moyo wina umene udalembedwa mokhudza mtima, koma mlembi sadalondole ganizo lake mpaka kumene likupita. Ursula apita ku Germany, akwatiwa ndi loya dzina lake Jürgen Fuchs, abala mwana wamkazi Frieda, ndipo nkhondo impeza ali tsidya la adani. Mu April 1945 ali mu Berlin. Mwamuna wake adafa, chakudya palibe, mwana akudwala, ndipo asilikali a Soviet Union ayandikira. Ursula ampatsa Frieda mankhwala akupha, namwanso iye mwini. Mutu umenewu ngwofunika chifukwa waika mabomba a Angerezi pamutu pa mwana wa Angerezi: ndege zimene zakhala zikugwetsa moto pa mzindawo ndi za gulu lomwelo limene mlongo wake wamng'ono, Teddy, akumenyeramo nkhondo. Koma chipale chikagwanso, Ursula nabadwanso, sadzakwatiwanso ndi Jürgen, ndipo Frieda sadzabadwa konse. Kodi tinene kuti mwanayo wapulumutsidwa? Sadafe ku Berlin, inde, koma nchifukwa chakuti sadakhaleko. Nanga dziko lija adaferamo lidapita kuti? Ngati lidafufutika, ndiye kuti misozi imene tidakhetsa idali ya chabe. Ngati likadalipo pena pake, ndiye kuti Ursula sapulumutsa munthu ndi mmodzi yemwe, angochoka kusiya maliro pambuyo, ndipo mwayi uliwonse watsopano ungoonjeza dziko lina la anthu olira. Mlembi sayankha. Wina angati kusayankhako ndi luso. Ine ndikuona kuti ndi ngongole imene buku lidatenga kwa owerenga ake.

Chofooka kwambiri ndi chimene mlembi adachiika pakhomo penipeni. Tsamba loyamba likutionetsa Ursula akulowa m'nyumba yomweramo khofi ku Munich mu November 1930, nakhala pa tebulo la Adolf Hitler, natulutsa mfuti imene bambo ake adapita nayo ku nkhondo yoyamba. Chakumapeto tibwereranso pamenepo titaona m'mene adakonzekerera: kuphunzira Chijeremani, kuphunzira kuombera, ndi kupalana ubwenzi ndi Eva Braun, mtsikana wogwira ntchito m'sitolo ya wojambula zithunzi. Ili ndi loto lakale la ndikadadziwa ndikadaphika therere, ndipo sindilinyoza, pakuti mbiri yeniyeni ili nazo nthawi zotere. Pa 8 November 1939 bomba limene kalipentala Georg Elser adatchera m'holo yomweramo mowa ku Munich komweko lidaphulika patangopita mphindi 13 Hitler atatuluka. Anthu 8 adafa, ndipo Elser adaphedwa ku Dachau mu April 1945. Koma Elser adali ndi moyo umodzi, naupereka wonse. Ursula akuombera akudziwa, ngakhale mwachimbuuzi, kuti chipale chikumdikira. Ndiponso miyezi iwiri m'mbuyo mwake, pa chisankho cha September 1930, chipani cha Nazi chidalandira mavoti oposa 6 miliyoni ndi mipando 107 m'nyumba ya malamulo. Chipolopolo chimodzi sichikadafafaniza anthu amenewo, kapena ulova wa masiku amenewo, kapena chidani chakale cha pa Ayuda. Atkinson ayenera kuti ankazidziwa zimenezi, pakuti satilola kuona dziko lopanda Hitler ngakhale pa tsamba limodzi: alonda aloza mfuti zao pa Ursula pomwepo, nkhani nibwerera ku 1910. Kudziletsa kumeneku nkwabwino, koma kukuululanso kuti chochitikacho chilibe ntchito yaikulu m'buku kupatula kukopa munthu amene walitsegula m'sitolo.

Kuti tione chimene chikusowa, tiyeni tiike pambali pake buku lina la nkhondo yomweyo, lolembedwa ndi munthu amene adaidutsa ndi thupi lake. Imre Kertész adabadwira ku Budapest mu 1929, ndipo ali ndi zaka 14 adatengedwa kupita ku Auschwitz, kenaka ku Buchenwald, m'chaka chija cha 1944 pamene Ayuda oposa 430,000 a ku Hungary adakwezedwa sitima pakati pa May ndi July. Nthano yake yotchedwa Sorstalanság, dzina lotanthauza kukhala wopanda gawo loikidwiratu, idatuluka mu 1975, ndipo mu 2002 mlembiyo adalandira mphotho ya Nobel. Mnyamata wa m'nthanoyo, György Köves, naye agwa m'tsoka napulumuka pa zinthu zazing'ono. Wapolisi amtsitsa m'basi popita ku ntchito. Pofika ku Auschwitz akaidi amnong'oneza kuti anene kuti ali ndi zaka 16. Iye anenadi, dokotala namloza ku mbali ya amoyo. Mau amodzi amenewo agwira ntchito ya sizasi ya dokotala Fellowes, koma kuno palibe tsamba lina limene tingaonepo György atanena zaka zake zenizeni.

Atabwerera kwao, akuluakulu awiri oyandikana nao nyumba amlangiza kuti aiwale zonse ndi kuyamba moyo watsopano, ndipo alankhula za zoopsazo ngati mvula imene idangobwera yokha nipita yokha. Mnyamata akana zonse ziwiri. Sakuona m'mene munthu angayambire moyo wina pamene ali nao umodzi womwewo woti aupitirize, ndipo savomera kuti zinthu zidangobwera, pakuti aliyense adaponya phazi lake tsiku ndi tsiku, iye pa mzere wa ku Auschwitz, iwonso m'nyumba zao. Akuluakuluwo apsa mtima poganiza kuti akuwapatsa mlandu. Koma mnyamatayo akufuna chinthu chimodzi, chakuti chaka chimene adakhala m'misasa ya ukaidi chisalandidwe kwa iye, kaya pochitcha tsoka lopanda mwini, kaya pochifufuta. Mwayi wachiwiri umene anthu okoma mtima akumpatsa, iye akuuona ngati kumubera. Munthu akachoka pa masamba amenewa nabwerera kwa Ursula, kubadwanso kwake kumaoneka ngati chuma cha mwana wa anthu olemera.

Ndiganiza kuti Atkinson adakumva kulemera kwa mlandu woterewu, ndipo yankho lake lili m'nkhani ya Teddy. Mwa onse a m'banja, Teddy ndiye wa pamtima pa Ursula. Iye ndi woyendetsa ndege ya mabomba ya mtundu wa Halifax, ndipo mwa anyamata pafupifupi 125,000 amene adauluka m'gulu la Bomber Command, 55,573 adafa. M'miyoyo yambiri ya Ursula ndege ya Teddy sibwerera. Koma pafupi ndi mapeto a buku, mu May 1945, Teddy atulukira wamoyo m'nyumba yomweramo mowa ku London atachokera ku ukaidi, nakumananso ndi bwenzi lake Nancy, amene m'miyoyo ina adaphedwa akadali mwana. Iyi ndi mphatso imene mlembi adapereka kwa Ursula ndi kwa ife. Patapita zaka ziwiri, mu 2015, adatulutsa buku lina, A God in Ruins, losimba moyo wa Teddy wopulumukayo: ukwati wake ndi Nancy, umasiye, mwana wamkazi wovuta, adzukulu, ndi ukalamba m'nyumba yosungiramo okalamba mpaka chaka cha 2012. Ndipo m'masamba otsiriza adailanda mphatso ija. Tiuzidwa kuti Teddy adafa pa ulendo wokaphulitsa Nuremberg wa pa 30 March 1944, usiku umene ndege zoposa 90 sizidabwerere ndipo anyamata oposa 500 adatha; mwana wake ndi adzukulu, amene takhala nao pa masamba mazana angapo, azimirira ife tikuona, chifukwa sadabadwe. Funso la Frieda, limene buku loyamba lidalilambalala, layankhidwa pano mosabisa, ndipo ngongole ija yabwezedwa. Nchifukwa chake ndingalangize kuti mabuku awiriwa awerengedwe motsatizana, pakuti loyamba palokha limalonjeza zimene lachiwiri lokha lili ndi chilungamo chozikana.

Komabe ngakhale Life After Life sithera pa chimwemwe cha May 1945. Mutu wake wotsiriza, umene ndi waufupi kwambiri, utibwezera ku 11 February 1910, koma osati ku Fox Corner. Tili m'nyumba yomweramo mowa ya m'mbali mwa mseu, m'mene mzamba uja, mayi Haddock, wakhala pansi akumwa ramu wotenthetsa, atauzidwa kuti chipale sichilola munthu kuyenda usiku umenewo. Kumene adaitanidwa mwana akubadwa, ndipo sitiuzidwa ngati ulendo uno dokotala afika.